Mzere wa Kumbuyo kwa Nyani

Nyani wa kumapiri ndi Katumbu wa kudambo ankalimbirana kuimira Chipani cha Msipu pa chisankho cha pulezidenti wa nyama. Wopambana pachipulula, chisankho cha m'chipanimo, ankakhala ngati walowa kale, chifukwa chipani chinacho chinaimika Fisi, amene ngakhale mkazi wake sankamuvotera. Nkhani inagona pa makiyi, poti pulezidenti ndiye ankasunga nkhokwe za mbewu za madera onse.

Pachipulula panalibe zoponya voti m'bokosi. Opikisana ankapatsa gulu msana, ndipo aliyense ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene wamukonda, masanasana, anansi akuona. Tsikulo a kudambo onse anakhamukira kwa Katumbu, a kumapiri kwa Nyani. Gwape yekha, mbadwa ya kumapiri, anatsala pakati akukanda khutu.

"Alamu, mwasokera kodi?" anafunsa Mbira, mnansi wake. "Mzere wathu ndi uno."

"Ndikuganiza za chimanga changa," anatero Gwape. "Chaka chatha a Nyani omwewa anandithyolera munda wonse. A Katumbu sindinamvepo kuti anaba."

"Ngakhale ine anandithyolera," anayankha Mbira. "Koma ndi wathu. Mukufuna makiyi apite kwa onunkha nsomba aja?"

Gwape anaona maso onse a kwawo ali pa iye, ndipo manyazi anamugwira. Anayenda chozyolika n'kukaima kumapeto kwa mzere wa Nyani. Atawerenga mitu, Nyani anapambana ndi voti imodzi yokha. Pa chisankho chachikulu Fisi anagwa chagada, ndipo kumapiri anavina masiku atatu mpaka Mbira anasasa mawu.

Mvula itayandikira, a kumapiri anapita kunkhokwe yawo ndi malichero kukatenga mbewu. Anapezamo zitsononkho zokhazokha. Chowawitsa mtima n'choti nkhokwe ya kudambo inali yodzaza mpaka kudenga.

"Bwana Pulezidenti," anadandaula Mbira, "bwanji mwadya zathu, ife okuvoterani, n'kusiya za adani?"

Nyani anasisita mimba yake. "Achimwene, kudambo n'kutali, komanso matope sindigwirizana nawo. Kuno ndi kwathu, njira zonse ndimazidziwa."

Chaka chimenecho a kumapiri anatsikira kudambo kukagwira ganyu kuti apeze mbewu. Gwape anaseka njira yonse ngakhale mtima unkamupweteka.

Phunziro: Posankha mtsogoleri tiziyang'ana khalidwe lake, osati kumene anabadwira, chifukwa wakuba wa kwanu amayambira pakhomo panu.