Kabokosi Kamene Sanakasinthe Dzina

Panali munthu wina ku Ndirande, telala, amene anali ndi mwana wamkazi mmodzi, Zione. Zioneyo ndiye anaika kabokosi ka wayifayi m'nyumbamo, nakapatsa dzina loti Kwathu, ndi nambala yake yachinsinsi.

Tsiku lina anayambana. Bamboyo analankhula mawu oti sabwezeka, ndipo mwanayo ananyamula chikwama napita ku Lilongwe osatsanzika. Mafoni a bambo ake sankayankha.

Tsono inu mumati foni ikakhala m'thumba ndiye kuti yagona? Ayi ndithu. Imatchera khutu kumva timabokosi tikulengeza mayina awo, ndipo nayo imafunsa mumphepo ngati pali kamene ikukadziwa. Ikamva dzina lakale, nambala ili yomweyo, imalowa yokha osagogoda.

Anyamata a m'deralo anaidziwa nambala ija. Ankakhala ndii pampanda ngati akhwangwala, kuonera mpira ulele. Mnzake wa telalayo anati, “Achimwene, akudyerani masuku pamutu awa. Sinthani dzina ndi nambala yomwe.”

Iye anati, “Ndikasintha, foni ya mwana wanga idzafika pano ngati mlendo.”

Sanasinthe. Ankasoka atayang'ana kugeti, mtima ukumuwawa.

Zaka zinapita. Moyo wa ku Lilongwe unampweteka Zione, ndipo kwawo anakusowa koopsa. Masana ena anatsika minibasi naima kuseri kwa mpanda uja. Ankamva mashini akulira m'kati, koma manyazi anamgwira miyendo. Anati angoona denga lokha, abwerere.

Akutembenuka, foni yake yakale yosweka galasi inanjenjemera m'chikwama. Anaitulutsa. Inali italowa kale pawayifayi, dzina lili pomwepo: Kwathu. Anadziwa kuti sanamtsekere kunja. Analira, kenako anakankha geti.

“Odi, bambo.”

Mashini aja anasiya kulira.

Abale anga, ena mwa inu mukuyendayenda ndi mtima umene ukuitana dzina limodzi kulikonse kumene mwafika, koma mukunamizira kuti munaiwala. Pitani mukaime pafupi, mwina simunatsekeredwe. Ndipo inu otsala pakhomo, amene mkwiyo ukukuuzani kuti musinthe zonse, taganizani kaye. Amene mukumuyembekezayo akadzaima kuseri kwa mpanda wanu, adzapeza chiyani choti chimuuze kuti alowe?