Mwana wa Mwini Chigayo Atasiya Kulankhula

Bambo Elifazi Mkwaila anafika pakhomo pa Shehe Twaliki Mbaluku dzuwa lili paliwombo, anthu atangobalalika kuchokera kumzikiti. Kunali kotentha, ndipo pa Ntaja ponse panali zii, kupatula nyenje za m'mitengo ya mango. Nkhaniyi anandiuza ndi a Mkwaila eni ake, Shehe atatisiya kale, Mulungu awachitire chifundo. Ine ndimaifotokozera makolo amene amabwera kumadrasa kudzadandaula za ana awo.

A Mkwaila anali Mkhristu, mkulu wa mpingo, mwini chigayo cha kuseri kwa msika. Sanali munthu wopempha nzeru kwa wina. Tsiku limenelo anadzera njira ya kumadimba kuti akumpingo asawaone.

Shehe anawayalira mkeka pakhonde, nawapatsa madzi akumwa, nadikira.

“Shehe, ndabwera mwamanyazi,” anatero a Mkwaila. “Ndamva kuti inu mumadziwa za majini. Ndikupempha kuti mundilembere chithumwa.”

“Chithumwa sindilemba, bambo, ndipo za majini ndimadziwa zochepa kwambiri. Koma makutu ndili nawo. Chavuta n'chiyani?”

A Mkwaila anafotokoza za Zione, mwana wawo wotsiriza, wa zaka zisanu. Anali mwana wosatseka pakamwa. Ankafunsa chifukwa chake mbuzi yaikazi ili ndi ndevu, ankafunsa ngati Mulungu amagona, ankayimba ngakhale ali ndi chakudya m'kamwa. Tsiku lina anangodzuka ali chete. Kuchipatala anamuyeza makutu ndi kukhosi, osapeza kanthu. Abusa anamupempherera. Milungu inadutsa, mwana ali duu.

“Tsopano anthu akuti ndakhwimira mwana wanga,” anatero. “Akuti ndinatenga mawu ake n'kuwaika m'chigayo. Amayi ena akulumbira kuti injini ikalira amamva kamwana kakulira m'katimo. Ine ndemwe dzulo ndinaima pafupi nayo n'kumamvetsera. Alamu anga akubwera Loweruka kudzatenga mlongo wawo ndi ana onse.”

Shehe anavala nsapato zawo.

“Tiyeni ndikamuone mwanayo. Koma mundikhululukire, mawondo angawa sangathe njira ya kumadimba. Tidzere mumsewu.”

Nyumba ya a Mkwaila inali ya njerwa zootcha, yofolera malata. Pakhomo panali posesedwa bwino, popanda phazi la mwana. Galimoto ya mawaya inali itagona cham'mbali pafupi ndi thandala, itayamba dzimbiri. Ana awiri aakulu, Madalo ndi Gibisoni, analonjera mlendo monong'ona ngati pamaliro, ndipo poyenda ankanyang'ama. Palibe anawauza kuti azitero. Anangozolowera okha.

Zione anali kuchipinda cha ana, atakhala pamphasa, nkhope italoza kukhoma. Pamiyendo pake panali chitsononkho chokulungidwa m'kansanza. Sanali kuseweretsa, anangochigwira. Bambo ake atatsokomola pakhomo, mwanayo sanacheuke. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, natsina milomo yake ndi zala ziwiri, nakhala atagwira chomwecho.

Shehe anapempha kuti atsale ndi mwanayo pamodzi ndi Madalo. Anakhala pansi chapatali, osamufunsa kanthu. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Patapita nthawi anatuluka, napeza makolo akuchokera kuchipinda chawo.

“Mayi,” anatero Shehe kwa Mayi Esinati, mkazi wa a Mkwaila, “musade nkhawa kuti akumpingo adzati chiyani akamva kuti m'nyumba mwanu munalowa Msilamu. Ndiponso amuna anu sananame, sindilandira kanthu.”

Mayiwo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. Awa anali mawu amene iwo ndi amuna awo ankanong'onezana kuchipinda, chitseko chili chotseka.

“Mwadziwa bwanji?” anafunsa.

“Musaope. Si nzeru zachilendo. Taonani mmwambamo.”

Onse anayang'ana. Khoma la pakati pa zipinda ziwirizo silinafike kudenga. Panali mpata woti mkono n'kudutsa.

“Pamene wakhala mwanayo pamamveka ngakhale mpweya wanu,” anatero Shehe. “Ndiuzeni, mayi, chiyambire vutoli sanatulutsepo liwu ngakhale limodzi?”

Mayi Esinati anazengereza.

“Kutulo kokha. Ndipo ndi liwu limodzi lomwelo. Amati, ‘Ameni.’ Kenako zii. Ine ndikalimva thupi lonse limachita tsembwe.”

Shehe anatembenukira kwa a Mkwaila.

“Bambo, mumapempherera kuti?”

“Kuchipinda kwathu, mmawa ndisanapite kuchigayo.”

“Mokweza mawu?”

“Mokweza. Ndi chizolowezi changa.”

“Ngati sindikulowerera za pakati pa inu ndi Mulungu, munapempha chiyani mmawa umene mwanayu anakhala chete?”

A Mkwaila anayamba kunena kuti sangakumbukire, koma mawu anawathera pakati. Anakhala pampando. Dzulo lake la tsikulo anaweruka mutu ukuwawa ndi phokoso la injini. Anapeza Gibisoni atathyola mlongoti wa wailesi, Madalo atapsereza nyemba, iwo ndi akazi awo n'kuyambana chifukwa cha zimenezo. Zione anali atathira madzi m'nsapato zawo za kutchalitchi kuti aone ngati zingasunge achule, ndipo ankawatsatira paliponse kuwafotokozera mmene zinayendera.

“Ndinati, ‘Ambuye, ana awa anditopetsa,’” anatero a Mkwaila, akuyang'ana pansi. “Ndinati, ‘Makamaka wamng'onoyu. Mutsekeni pakamwa ndipumeko.’ Sindinkatanthauza zimenezo, Shehe. Ndinangolankhula.”

Mayi Esinati anakhala pansi pomwepo.

“Tinawaphunzitsa tokha,” anatero, “kuti bambo akamaliza kupemphera, aliyense azivomera kuti ‘Ameni.’”

Kuseri kwa khoma kunalibe ngakhale kusuntha kwa mphasa.

“M'nyumba muno mulibe jini,” anatero Shehe, “ndipo m'chigayo mwanu mulibe mwana. Muli ndi mwana amene amakhulupirira kuti Mulungu amamva bambo ake. Anamva mukumuneneza, navomereza, ndipo akusunga pangano. Kodi anakumvanipo mukuthokoza chifukwa cha iye?”

“Kutchalitchi ndimathokoza chifukwa cha banja langa Sabata lililonse. Ndimaphunzitsanso ena kuti Mkhristu aziyamika nthawi zonse.”

“Chiphunzitso chabwino, ndipo nafenso tili nacho. Koma banja ndi liwu lalikulu, mwana wa zaka zisanu sadziwa kuti iye ali momwemo. Podandaula munamuloza yekha. Bwererani kuchipindako, mukapemphere monga mwa chipembedzo chanu, mumutchule dzina. Ine ndikadikira panja.”

Shehe anakakhala pansi pa mtengo wa mbawa. A Mkwaila anagwada pambali pa bedi masanasana, nayang'ana mpata uja wa pamwamba pa khoma. Anandiuza kuti pa zaka zonse zimene anatsogolera mapemphero, sanasowepo mawu ngati tsiku limenelo. Anathokoza chifukwa cha Zione. Anathokoza chifukwa cha funso la mbuzi, nyimbo za pakudya, ndi nsapato zonyowa. Anapempha Mulungu kuti asawerengere zimene ananena atatopa, chifukwa iwo akufuna kumvanso mawu a mwana wawo.

Atamaliza anadikira. Kuseri kwa khoma sikunabwere yankho. Koma Madalo anati anaona mng'ono wake akuchotsa zala pamilomo, n'kuziyang'ana ngati si zake.

A Mkwaila anapemphera chomwecho mmawa uliwonse. Loweruka alamu awo anafikadi, nakhala pabwalo ndi nkhope yolimba, akuwerengera mlamu wawo milandu. Nkhani ili pakati, m'nyumba munamveka kamawu kosasa ngati ka munthu wodwala chifuwa:

“Amayi, Gibisoni wanditengera mwana wanga.”

Ankanena chitsononkho chija. Alamuwo anagona tsiku limodzi, nabwerera okha.

Mvula itayamba, a Mkwaila anapitanso kwa Shehe, ulendo uno kudzera mumsewu. Atalonjerana, anakhala pakhonde.

“Mwana ali bwanji?” anafunsa Shehe.

“Akulongolola kuposa kale. Ndicho ndabwerera. Dzulo ndinamukalipiranso, ndipo nditagwada mmawa uno ndinapeza kuti mumtima mwanga muli kutopa komwe kuja. Ndinachita mantha, ndinadzuka osapemphera. Shehe, kodi ndizimunamiza Mulungu kuti ndine wokondwa pamene ndatopa? Kapena kuyamika kwanga kunali kwa masiku a mantha okha?”

Shehe anayang'ana madzi akudontha kuchokera kudenga, kenako anati:

“Musamunamize, bambo. Kutopa ndi ana si tchimo, ndipo amene anakupatsani anawo akudziwa kulemera kwawo. Muuzeni zonse. Koma madandaulo muzinena chamumtima, pakuti Iye amamva ngakhale zosatuluka pakamwa. Kuyamika ndiko muzikweza mawu, chifukwa m'nyumba mwanu amene akumvetsera si Mulungu yekha.”