Mpando wa Bambo Kutsogolo kwa Mapu

Bambo wina anali dalaivala wa thiraki, munthu woti malire a mayiko ankangowadumpha ngati ngalande ya kuseri kwa nyumba. Akafika pakhomo ankavula nsapato, n'kudziponya pasofa mpaka tsiku lonyamukanso.

Kusukulu kwa mwana wake wamkazi kunali kalabu yophunzira mayiko a dziko lapansi. Lachisanu lililonse kholo limene linayendako kunja linkabwera kudzafotokoza zimene linaona, ndipo mwana wa khololo ankabaya kapini pa mapu a pakhoma. Mtsikanayo anali atadzitama kale kwa anzake kuti bambo ake adzamaliza mapini onse m'kabokosi.

"Bambo, aphunzitsi akuti mubwere Lachisanu lino," iye anatero.

"Iwe, kodi mayikowo akuthawa? Ndidzapita ndikabwerako ulendo uno."

Ulendo unabala unzake. Kukalabu kunabwera namwino amene anakaphunzira kunja. Kunabwera ngakhale wogulitsa nsalu amene anangowoloka malire kamodzi kokha, ana n'kumuombera m'manja. Mtsikana uja ankaika mpando kutsogolo kwa mapu, belu likalira n'kuubweza wopanda munthu. Anzake anamupatsa dzina loti "Akubwera". Ana sadziwa chisoni pa zoterezi, ndipo dzinalo linamukanirira.

Mayi ake anayesa kulankhulapo. "Bambo a mwana, ola limodzi lokha. Mwanayu akumuyesa wabodza." Mwamunayo anangoyasamula n'kutembenukira kwina.

Kenako maso ake anayamba kuchita chifunga, ndipo mabwana anamulanda makiyi a thiraki. Atatopa n'kukhala pakhonde, anakumbukira lonjezo lake. Anavala jekete, ulendo wa kusukulu.

Mphunzitsi anamulandira mwaulemu, koma sanamubisire mawu. "Mwachedwa, bambo. Mwana wanu anasiya kalabu chaka chatha. Palibe ankamuposa pa mapu, koma anatopa n'kusekedwa."

Atabwerera kunyumba anaitana mwanayo. "Khala apa, mwana wanga, ndikuuze za mayiko amene ndinayendako."

Mtsikanayo anaima pakhomo la chipinda, maso ali pansi. "Zikomo bambo, koma musavutike. Mayikowo ndinasiya kuwafuna."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, osachimenyetsa, ndipo ulemu umenewo ndi umene unamulasa mtima bamboyo. Anatsala yekha ndi nkhani zake zonse, wozimvera palibe.

Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.