Dalaivala Amene Ankaopa Kuzimitsa Injini

Abale anga mumpingo muno, panali munthu wina, dzina lake Kampira, amene anayendetsa malole zaka makumi atatu. Ankanyamula shuga ndi thonje kuchokera kuchigwa cha Shire n'kukwera nazo mapiri kupita ku Blantyre. Pa zaka zonsezo anaphunzira lamulo limodzi, ndipo linamulowa mpaka m'mafupa: lole ikalemera pachitunda uziipatsa moto, ndipo zivute zitani usazimitse injini. Anaonapo ndi maso ake lole ya mnzake itazima pakati pa chitunda n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo, katundu ndi mwini wake yemwe ali momwemo. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lake silinkayandikira kiyi galimoto isanafike pamalo abwino.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwawo, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Chipatala chinali tsidya lina, ndipo mkazi wake, Nachisale, ankadwala mphumu. Matendawo akamugwira ankabanika, mpweya n'kumangolira pakhosi ngati mluzu. Kuwoloka pa bwato lopalasa kunkatenga nthawi, komanso opalasawo sankapezeka padoko nthawi zonse. Choncho Kampira atamva kuti malo ena ogona alendo akugulitsa boti lakale la injini, anapita kukaligula. Anali asanakhalepo ndi boti chibadwire, koma anati injini ndi injini basi.

Botilo linali la mtundu wachilendo. Linalibe pulopela kumbuyo ngati maboti ena. Linkamwa madzi pa bowo la pansi pamimba pake, lotchinga ndi tizitsulo ngati sefa, n'kuwalavula mwamphamvu kumbuyo, ndipo madziwo ndi amene ankalikankha. Amene anamupatsa kiyi anali makaniko wokalamba wa pamalopo, a Jailosi, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuchita kukakamizidwa.

"Botili lakalamba, koma injini yake ndi yabwino," anatero a Jailosi. "Ndikuuzeni chimodzi chokha, achimwene. Likayamba kulemera pakati pa madzi, muzizimitsa."

Kampira anavomera mwaulemu, koma mumtima anaseka. Kuzimitsa? Iye, amene anakweza shuga pamapiri onse aja? Mawuwo anawasiya pomwepo padoko. Koma Nachisale anali atakhala pamthunzi chapafupi, ndipo iye anawamva.

Masabata oyamba boti linkathamanga moti ana ndi akulu ankaima m'mbali mwa mtsinje kuliyang'ana. Kenako mvula itatha, namasupuni anayamba kutsika ndi madzi, zomera zoyandama zija za masamba onenepa. Tsiku lina Kampira akubwerera kuchokera tsidya, boti linalemera. Injini inkalira kwambiri, koma boti linkangonjenjemera, osapita. Iye anachita zimene ankadziwa, analipatsa moto. Linakwawa choncho mpaka padoko, injini itatentha yosakhudzika. Pamenepo anazimitsa, poti anali atafika, n'kutenga sipanala. Anamasula mapulagi, kuwapukuta, kuwabwezera. M'mawa mwake boti linathamanga bwinobwino, ndipo Kampira anati, eya, anali mapulagi.

Sanali mapulagi ayi. Patangopita masiku anayi linalemeranso. Analipatsanso moto, linakwawanso mpaka padoko, ndipo ulendo uno anamasula kabureta n'kuitsuka. M'mawa mwake linathamanga, iye n'kuti, ndiye kuti inali kabureta. Sabata yotsatira anasintha mapaipi a mafuta. Kenako anakwera basi mpaka ku Limbe kukasaka zipangizo za boti limene ngakhale ogulitsawo anali asanalimvepo dzina. Chilichonse chimene ankagwira chinkaoneka ngati chathandiza, koma masiku atatu kapena anayi okha.

Munthu uja anatopa. Zala zinang'ambika, msana unakana kuwongoka, malaya onse ananunkha mafuta. Anapuma ntchito kuti azikhala pakhonde, koma tsopano ankagwira ntchito kuposa pamene anali pamsewu. Opalasa mabwato ankamudutsa ndi nkhafi zawo, n'kumupatsa moni waulemu uja wopweteka kuposa chipongwe: "Zikuyenda, madala?" Iye ankangoti zikuyenda. Anayamba kudana nalo botilo, ndipo nthawi zina ankalitukwana chamumtima ngati munthu. Koma kulisiya sakanatha, chifukwa mphumu ya mkazi wake inali isanapite kulikonse.

Tsiku lina Nachisale anamubweretsera madzi akumwa padoko, n'kuima pang'ono kumuyang'ana ali chiweramire pa injini.

"Abambo ake Falesi, paja a Jailosi aja anati chiyani tsiku lija?" anafunsa, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Amake Falesi, za injini ndisiyireni ine," anayankha Kampira osadzutsa mutu.

Mayi uja anatenga kapu yake n'kubwerera kunyumba.

M'mawa wina wozizira wa mwezi wa Juni, Nachisale anabanika kuposa masiku onse. Mankhwala ake opopera m'kamwa sanathandize. Anakhala pamphasa atagwira pachifuwa, milomo itayamba kuda, akulephera ngakhale kutchula dzina la mwamuna wake. Kampira anamunyamula mpaka padoko n'kumugoneka m'boti, atamutsamiritsa pa bulangete. Injini inalira pa kiyi woyamba, ndipo mtima wake unakhala pansi pang'ono. Malata a chipatala ankaoneka tsidya lija, aang'ono, akung'anima padzuwa.

Atafika pakati penipeni pa mtsinje, boti linalemera.

Kampira analipatsa moto. Injini inakuwa, boti linanjenjemera, koma silinasunthe. Anawonjezera moto. Fungo la chitsulo chotentha linayamba kumveka, ndipo madzi anayamba kuwakokera kumunsi, kumene mtsinje umakhota pamalo pogona mvuu. Anakankha chogwirira cha moto mpaka pamapeto pake, n'kumachikankhabe ngakhale chinalibenso kopita. Anachita mantha, mantha enieni, chifukwa malata aja m'malo moyandikira anayamba kutsalira kumtunda.

Ndipo anamva china chikukoka mwendo wa thalauza lake. Anali Nachisale. Kampira anawerama n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa pake, poti phokoso linali lalikulu.

"Labanika," anatero mayiyo, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Ine ndikudziwa. Ndikabanika, mukandiyendetsa, ndimagwa. Lisiyeni lipume."

Kampira anayang'ana kiyi. Anaonanso lole ya mnzake ija ikubwerera cham'mbuyo pachitunda. Batire la botilo linali lakale, ndipo ankadziwa kuti akazimitsa mwina injini sidzaliranso, madzi n'kuwatenga onse awiri. Zaka makumi atatu zinkagwira dzanja lake kuti lisapite pa kiyipo. Koma moto wonse anali ataupereka kale, ndipo analibenso china choti n'kupereka. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

Kunangoti zii. Boti linatembenuka cham'mbali n'kuyamba kutsetsereka ndi madzi. M'bata limenelo anamva bwinobwino mmene mkazi wake ankavutikira kupuma, zimene phokoso la injini linkamubisira njira yonse. Anagwira chiwongolero chosagwira ntchitocho n'kudikira, osadziwa chimene akudikira.

Kenako pansi pa boti panatuluka chimtolo cha namasupuni, mizu yake yakuda ili lendelende, n'kuyandama pang'onopang'ono kulowera kumunsi. Panatulukanso china chocheperapo. Kampira anaziyang'ana, ndipo zonse zinamumvekera nthawi imodzi. Zomerazo zinkakakamira pa sefa ya pansi ija boti likamamwa madzi. Akawonjezera moto, boti linkamwa mwamphamvu, zomera n'kukakamira kwambiri. Akazimitsa, zinkagwa zokha. Masiku onse aja padoko, chimene chinkachiritsa boti kunali kuzimitsa kuja, ndipo sipanala inkangobwera pambuyo kudzalandira ulemu.

Anapotoza kiyi. Injini inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Anapotozanso, ndipo inalira. Boti linadzutsa mphuno yake n'kudula mtsinje ngati tsiku limene analigula.

Anamwino analandira Nachisale pakhomo pa chipatala n'kuthamanga naye mkati. Pofika masana anali akupuma bwino, atagona tulo. Kampira anakhala pakhonde la chipatalacho n'kumayang'ana manja ake, zipsera za sipanala ndi mafuta akuda amene anakana kuchoka m'zikhadabo. Sanaseke, sanalire. Anangomva kutopa kwa miyezi yonse ija kukumutsikira pamapewa. Injini ija inalibe vuto ngakhale tsiku limodzi.

Abale anga, ndikukuonani mmene mwakhalira pamabenchipo, ndipo ena mwa inu mwatopa ngati Kampira. Zinthu zakulemerani pakati pa mtsinje, ndipo mukudziwa njira imodzi yokha, imene inakupulumutsani kale pachitunda china. Ndiye mukuwonjezera moto, kuntchito, pabanja, ngakhale muno mumpingo. Zikakanika mumatenga sipanala n'kuyamba kumasula zinthu zimene sizinawonongeke. Sindikunena kuti musiye ulendo, paja Kampira anawoloka. Ndikunena kuti pali zina zimene sizingakuchokeni mukadali kukoka, ndipo zimagwa zokha mukangoima. N'zoopsa kuzimitsa pakati pa madzi, sindikunamizani. Koma amene akukuuzani kuti muzimitse mwina ali m'boti lanu lomwelo, akuvutika kupuma, ndipo simukumumva chifukwa cha phokoso la injini yanu.