Pepala la Mankhwala Amene Sanagwire

Panali munthu wina wa sukulu zakuya, mayi, dzina lake Dokotala Velina Gwedeza. Ankagwira ntchito pa yunivesite ina ya zachipatala, ndipo mtima wake wonse unali pa nthenda imodzi, khansa ya kummero. Nthendayi mukuidziwa. Munthu amayamba kukanika kumeza nyama, kenako mbatata, kenako phala, mpaka madzi enieniwa amabwerera. Chakudya chili m'mbale, njala ili m'mimba, koma podutsa palibe.

Tsono pa yunivesitepo panali lamulo, ndipo lamulo lomwelo mukalipeza kulikonse kumene ophunzira asonkhana. Ukafufuza kanthu umalemba pepala n'kulitumiza ku magazini a akatswiri. Anzako akamalemba awo amatchula dzina lako, kunena kuti izi tinazimva kwa uje. Kutchulidwa kumeneko makina amawerenga, ndipo pa kompyuta, pambali pa dzina lako, pamakhala nambala. Nambala ikakula ndiwe munthu. Ikachepa, ngakhale pa tiyi amakupatsa kapu yopanda chogwirira.

Nambala ya Gwedeza inali yomvetsa chisoni. Akuluakulu anamuuza mosapsatira mawu kuti ikapanda kukwera, chipinda chake chofufuziramo achipereka kwa wina, iye azingophunzitsa basi. Kachipindako kanali kakang'ono, kodontha nthawi ya dzinja, koma ndi mmene ankaoneramo odwala ake, ndipo kumulanda kunali kumudula manja.

Khomo loyandikana ndi lake linali la Pulofesa Zalimba, mkulu wa gawo limene Gwedeza ankagwiramo ntchito. Ameneyo ndiye nambala yake inali yonenepa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Anali munthu wansangala, woseka ndi mimba yomwe, wosaumira. Musamuyese mfiti ayi. Kungoti mkuluyu ankadziwa podyera.

Masiku amenewo kunatchuka mankhwala ena otchipa, amene anthu ankati amafwetsa chotupa cha kummero. Zalimba anawayamikira m'mapepala ake angapo, atangowayesa pa odwala ochepa. Gwedeza anati ayi, tiwayese bwinobwino pa anthu ambiri, tione ngati omwa akusiyanadi ndi osamwa. Anayenda nayo ntchitoyo zaka ndithu. Ankatsatira odwala mpaka kumidzi kwawo, galimoto ikatitimira n'kuvula nsapato. Ndipo ankawafunira zabwino mankhwalawo, mwana wa munthu, mpaka kuwapempherera.

Tsiku losonkhanitsa zotsatira linafika. Mankhwala aja sanagwire. Omwa sanapeze bwino kuposa anzawo. Choipitsitsa, anaona kuti kumene madokotala ankawadalira, odwala ankataya nthawi akudikira kuti chotupa chifwe, m'malo mothamangira thandizo lodziwika kale, loika kapaipi kummero ndi kuwotcha chotupacho ndi makina. Gwedeza anakhala pansi n'kulira, misozi yeniyeni.

Zalimba anamva, nalowa ndi tiyi m'manja.

"Amayi, pukutani misozi," anatero. "Zoterezi tonse zinationekera. Kabati yachitsulo ija ya mu ofesi mwanga mukuidziwa? M'menemo ndinatsekeramo kafukufuku wanga yense amene anakana, makiyi m'thumba. Pepala lonena kuti sizinatheke alitchule ndani? Inu sankhani odwala ochepa aja amene anapezako bwino, mulembe za iwowo. Mukachenjera mutulutsamo mapepala angapo. Nambala ikwera, chipinda chikhala chanu, tonse tigona tulo."

Gwedeza anadziwa kuti pa za nambala mkuluyo sakunama. Koma mayiyu anakulira m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, kumene anthu amapita m'magulu kokazula bowa mvula ikagwa. Kumeneko kuli mwambo. Wotsogola akalowa kanjira n'kupeza kuti kakathera kuphompho, amabwerera pa mphambano, n'kuthyola nthambi ya masamba aawisi, n'kuigoneka mopingasa pa kanjirako. Obwera m'mbuyo akaiona salowako. Munthu wobwerera chinunu, osatseka njira, amamuyesa woipa mtima kuposa wakuba bowa m'dengu la mnzake.

"Zikomo, a Pulofesa," anayankha Gwedeza. "Koma kwathu njira yosocheretsa timaitseka. Ine ndafika kuphompho, ndaliona ndi maso angawa. M'mbuyomu mukubwera anthu."

Analemba pepala limodzi lokha, lalifupi, losakometsera. Linangoti tawayesa mankhwalawa motere, sanagwire, musachedwetse nawo odwala. Magazini otchuka analibweza, ati nkhaniyi ilibe chokoka. Pomaliza kamagazini kena kosadziwika kanalilandira, ndipo linatuluka.

Kunali zii! Nambala sinasunthe, inangoti njo ngati chitsa pamunda. Zalimba akakumana naye pakhonde ankapukusa mutu mwachisoni, n'kuti, "Ndinakuuzani, amayi." Gwedeza anayamba kusonkhanitsa makatoni olongedzamo katundu wake. Mantha anali nawo, ndisakunamizeni, koma chodabwitsa n'chakuti ankayenda mopepuka, n'kumaimba nyimbo za kwaya pakhonde pomwepo.

Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zalimba anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, Edina, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Zambia. Unabwera uthenga wakuti Edina akukanika kumeza. Mkulu uja sanachedwe. Analongedza mankhwala otchuka aja m'chikwama, nayatsa galimoto, ulendo.

Atafika pa chipatala chimene mlongo wake anagonekedwa, anadzitchula ndi maudindo ake onse, osasiyako n'limodzi lomwe, naika mankhwalawo pa tebulo la dokotala wa kumeneko. Dokotalayo anawayang'ana, nawakankhira pambali mwaulemu.

"Pepani bambo, awa tinasiya. Pali mayi wina wa kwanu komweko amene anawayesa mokwanira, n'kupeza kuti amangotayitsa nthawi. Alongo anuwa abwera chotupa chikadali chaching'ono. Sitidikira, tiyamba thandizo lenileni mawa lomweli."

Anatsegula dirowa natulutsa pepala lakuda ndi zala, lopindika m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa. Pamwamba pake panali dzina la Gwedeza.

Zalimba, poti chizolowezi sichichoka, anafunsa, "Nanga inu munalitchulapo m'zolemba zanu?"

Dokotala uja anaseka. "Ine kulemba? Nthawi ndiitenga kuti, bambo, mzere uli panjawu? Ine ndimangochiza. Koma pepalali tinagawana madokotala a chigawo chino chonse."

Zalimba anatenga mankhwala aja nawabwezera m'chikwama.

Miyezi inadutsa, ndipo tsiku logamula za chipinda linafika. Akuluakulu a yunivesite anakhala mozungulira tebulo, majekete ali pathupi ngakhale kunali kotentha. Gwedeza anakhala kumapeto, manja pamiyendo. Nambala yake anaionetsa pakhoma kuti aliyense aione, kanambala kowonda. Wapampando anatsokomola, nayamba kuti, "Monga mmene tonse tikuoneramu..."

Chitseko chinatseguka. Analowa Zalimba, thukuta kamukamu, atanyamula mulu wa mafailo afumbi mpaka m'chibwano. Pambuyo pake panali mayi wowonda, koma woyenda yekha, atavala chitenje chatsopano, m'manja muli chimanga chootcha chimene anagula pageti.

"Akuluakulu, pepani ndachedwa," anatero Zalimba. "Musanagamule, ndikupempha chinthu chimodzi. Uyu ndi mlongo wanga Edina. Taonani akudya."

Edina anachita manyazi pang'ono. Kenako analuma chimanga chija, natafuna, natafunanso. Anthu onse ophunzira aja, ndi madigiri awo, maso anali pakhosi pa mayi mmodzi. Anameza. Chinapita! Analumanso.

Ha! Mayi wolemba zokambirana anataya cholembera naimba nthungululu mu msonkhano wa akuluakulu. Wapampando anafuna kumuletsa, koma anapeza kuti nayenso akuomba m'manja. Gwedeza sanadziwe kuti waimirira liti. Anangopezeka atamukumbatira Edina, munthu amene sanamuonepo, onse awiri akuseka misozi ili mbwembwembwe, chimanga chili pakati.

Phokoso litatsika, Zalimba analoza pakhoma.

"Nambala iyo sikunama," anatero, "koma imawerenga olemba okha. Madokotala amene anaona nthambi ya mayiyu n'kubwerera, makina sawaona. Odwala awo sawaonanso. Ine ndinanyamula mankhwala aja ndi manja angawa kukapatsa mlongo wanga. Amene anandigwira mkono ndi munthu uyu, yemwe ndinkamuuza kuti abise pepala lake."

Kenako anagwetsa mafailo aja pa tebulo, fumbi koboo, akuluakulu n'kuyamba kuyetsemula.

"Iyi ndi kabati yanga yonse. Ndi njira zimene ndinasochera ine n'kubwerera chinunu. Dokotala Gwedeza, ngati simunandikwiyire, mundithandize tizitseke imodziimodzi."

"Kukwiya ndilibe nako nthawi, a Pulofesa," anatero Gwedeza akupukuta m'maso. "Koma fumbili mupukuta nokha."

Chipinda chinakhala chake, ndipo denga lomwe anamukonzera. Makatoni aja anawapereka kwa amayi ogulitsa tomato. Nambala nayo inadzakwera pambuyo pake, chifukwa aliyense wolemba za nthendayi ankayenera kufotokoza chifukwa chimene sanalowere njira ija. Koma mukandifunsa kuti inafika pati ndinama, poti mwiniwakeyo anali atasiya kuiyang'ana.

Tsono inu ana anga, amene mawa mukuyamba kafukufuku wanu, ndakuonani mukusuzumira nambala za aphunzitsi anu m'mafoni, musabise. Lembani, mutchulidwe, sindikukuletsani. Dzina lotchulidwa ndi lokoma, ndipo ine ndidzavina tsiku limene ndidzamve lanu. Koma lidzafika tsiku limene kanjira kanu kadzathere kuphompho, ndipo wina wokufunirani zabwino adzakulozerani kabati. Tsiku limenelo musadzabwerere chinunu. Mudzathyole nthambi, mudzaigoneke poonekera. Amene akubwera m'mbuyomo simukumudziwa, ndipo mwina ndi mlongo wanu.