Mwini Wake wa Usandiyese Ndani?

Kalekale, ndipo wokana akane ndimuone, a Gwedeza okhoma zidebe anali ndi kagalu kolowa m'thumba la jekete, dzina lake Usandiyese.

Katangokwana miyezi isanu, kanayamba kukweza mwendo pa zidebe za makasitomala, n'kumathawira kwa abutchala kukafunsira galu wawo wamkazi, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Kankachita kukwera pa njerwa kuti kamufikire. Abutchala anati, "A Gwedeza, mkamwini wangayu akadzabweranso ndidzamudula ndi chikwanje."

A Gwedeza anali ndi ana atatu. Woyamba, Zondiwe, ndiye anazindikira. Ena ankati n'chibwana chabe, iye anati, "Bambo, tiagalu tating'ono timakula msanga. Aka katha msinkhu. Kathenedwe."

Wachiwiri, Tiyese, ananola kale mpeni, koma mlongo wawo Ndaziona anaulanda. "Achimwene, si mbuzi iyi. Dokotala wa ziweto ndiye anene tsiku." Dokotala anati kadikire mwezi kuti kalimbe thupi. Mwezi wonsewo Ndaziona ankakabereka kumbuyo popita kumsika, anthu akumuseka kuti mwana wafanana ndi bambo wake.

Tsiku litakwana, mlatho unali utakokoloka. Tiyese uja wa mpeni anakasenza m'dengu, nawoloka madzi ofika m'khosi mpaka kwa dokotala.

Bala litapola, Usandiyese anasiya zoyendayenda, n'kumangotsata mbuye wake. Ndiye masana ena a Gwedeza anakomoka kudimba, kopanda munthu. Kagalu kanathamangira kumudzi, kanauwa, kanakoka Ndaziona chitenje mpaka onse anakatsatira. Mkuluyo anatsitsimukira kuchipatala.

Potuluka anati, "Ana anga, ine ndikukakhala kwa mng'ono wanga kutauni, ndipo eni nyumba safuna agalu. Amene anachititsa kuti kagaluka kakhale pambali panga tsiku lija, akatenge."

Zondiwe anati, "Ndikanapanda kuona, abutchala akanakadula."

Ndaziona anati, "Ndikanapanda kulanda mpeni, kakanafera m'manja mwa achimwenewa."

Tiyese anati, "Nonse munalankhula bwino, koma amene anamwa madzi a mtsinje ndine."

Chabwino, ndiulule: za njerwa zija ndawonjezera ndine, kagaluko kankangolira pansi kakuyang'ana m'mwamba. Koma zinazo n'zoona, ndipo chingwe chidakali m'manja mwa a Gwedeza. Inu mukanakhala iwo, mukanapatsa ndani: woona msanga, wodikira, kapena wowoloka?