Timba ndi Nyenje Zolonjerera Ngongole

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu mukuwodzera kumbuyoko, Mvuu anali wakatapila. Ukakongola mawere lichero limodzi, unkabweza atatu. Koma ndi thupi lakelo, kulonjerera ngongole khomo ndi khomo kunkamulemera. Choncho analemba ganyu nyenje, naziphunzitsa nyimbo imodzi. Mtengo uliwonse umene iye wapaka matope, nyenje zinkaterapo n'kuyamba: bweza, bweza, nyeee!

Tsono nyenje zija zinali zogontha. Uziuze kuti ndinabweza kale, nyeee. Uziuze kuti sindinakongole, nyeee. Komanso Mvuu akamadutsa ankadzikanda pa mtengo uliwonse, matope n'kutsalira pamenepo.

Mumtengo wina wopakidwa matope chonchi munali Timba, mayi wamasiye, akufungatira mazira atatu. Sanakongolepo ngakhale njere imodzi. Koma nyenje zikati nyeee, iye dzidzimu, n'kuuluka, mazira n'kuzizira. Limodzi linasukusa, anatsala awiri. Ine mpaka lero ndimamumvera chisoni mayi ameneyu.

Timba anapita kubwalo kwa Njovu, woweruza milandu. Kumeneko anapeza mzere: Gologolo, Njiwa, Buluzi, Mbewa, onse maso ali psuu, mlandu wake womwewo. Koma mwambo wa bwalo unali wakuti mlandu umodzi, tsiku limodzi. Timba anawerengetsa masiku, naona kuti podzafika iyeyo, mazira adzakhala atafa kalekale. Anapempha Njovu kuti amange milandu yonse mtolo umodzi, iye awayankhulire anzake.

Mvuu anaseka mpaka mimba gwedegwede.

"Akuluakulu, awa ndi osiyana. Uyu wa nthenga, uyu wa ubweya. Uyu anakongola, uyu akuti ayi. Aliyense ndimamutumizira uthenga wakewake. Azibwera mmodzimmodzi."

Njovu anakupiza makutu nati mawu a Mvuu akumveka. Anampatsa Timba masiku awiri kuti aonetse kuti chilonda cha onsewo n'chimodzi.

Paja amati timba sachepa ndi mazira ake. Mayi uja anapempha Njiwa kuti amufungatirire mazira. Iye ulendo wa kudambo, kukatapa matope ndi kamlomo. Tapu, mata. Tapu, mata. Ankamata pa mkuyu wa pabwalo, pomwe Njovu amatsamira poweruza. Pofika tsiku lachiwiri kamlomo kanali katatupa, koma mkuyu unali bii.

Bwalo linakhala. Njovu atangotsegula pakamwa, nyenje zinatera mumkuyu mbwee. Bweza, bweza, nyeee! Tsono inu mukuwadziwa makutu a Njovu kukula kwake. Phokoso lonse linathera momwemo.

"Ndibweze chiyani ine?" anakalipa Njovu.

Nyeee.

"Ndati sindinakongole kwa aliyense."

Nyeee.

Mvuu thukuta kamukamu, anagwada. "Pepani bwana, musazitengere. Izi sizimva, sizisankha. Nyimbo ndi imodzi kwa aliyense, kaya anakongola kaya sanakongole."

Timba anatera pa chitsa, nafunsa mwaulemu ngati bwalo lamva. Njovu anati lamva, ndipo makutu akumulirabe. Popeza nyimbo ndi imodzi, mlandunso ndi umodzi, ndipo Timba ayankhulire onse, kuphatikizapo iyeyo Njovu.

Mlandu unatha dzuwa lisanapendeke. Mvuu analipira lichero khomo lililonse, nkhokwe yake n'kutsala pululu. Ndi manyazi anakamira m'madzi, ndipo mpaka lero amangotulutsa maso. Nyenje nazo Njovu anaziloleza kulira nyengo yotentha yokha, popanda kutchula ngongole.

Timba anathamangira kuchisa. Patapita masiku anamva gogogo, mazira onse awiri aswa. Analira ndi chimwemwe, naweramira kuti amve mawu oyamba a ana ake. Kamwana koyamba kanayasamula kukamwa, nikati: "Bweza."

Nthano yanga yagonera pamenepo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma mukumbuke, kulira kwa wamng'ono kumamveka msanga kukalowa m'khutu la wamkulu.